Khadi limodzi, bizinesi ndi pakhomo: lamulo la msonkho likuti chiyani ku America?

Ku America kuli masitolo akuluakulu momwe munthu sagulamo kanthu asanalipire ndalama ya umembala ya chaka chonse. Odziwika kwambiri ndi Costco, Sam's Club ndi BJ's Wholesale Club. Katundu wa m'masitolowa amagulitsidwa m'makatoni ndi m'matumba akuluakulu pamtengo wopikulitsa, n'chifukwa chake eni mabizinesi ang'onoang'ono, monga ophika zakudya za pamaukwati, olera ana a anzawo masana ndi okonza m'nyumba ndi m'maofesi, amakaoda komweko. Ena mwa iwo ndi Amalawi okhala m'madera monga Indiana ndi Texas. Koma khadi lomwe agulira mafuta ophikira a bizinesi ndi lomwelonso agulira mkaka wa ana, sopo ndi mpunga wa pakhomo. Ikafika nyengo yolemba mafomu a msonkho, yomwe imatha pa 15 April, funso limabuka: kodi ndalama ya umembala ija ingawerengedwe ngati yoyendetsera bizinesi, n'kuchotsedwa pa phindu msonkho usanadulidwe?

Malamulo a dzikolo amalola, koma gawo lokhalo lomwe lagwira ntchito ya bizinesi. Dzina lolembedwa pa khadi silithetsa nkhani, ngakhalenso akaunti ya kubanki komwe ndalamayo idachokera. Chomwe chimayang'anidwa ndi zomwe khadilo lagula chaka chonsecho, ndipo udindo wosonyeza zimenezi uli pa wolipira msonkho, osati pa boma.

Masitolo olipiritsa pakhomo

Malonda amtunduwu adayamba mu 1976 pamene Sol Price adatsekula sitolo ya Price Club mumzinda wa San Diego. Poyamba mamembala ake adali amabizinesi okhaokha, ndipo anthu wamba adayamba kuloledwa pambuyo pake. Mu 1983 Jim Sinegal ndi Jeff Brotman adatsekula Costco ku Seattle, chaka chomwenso kampani ya Walmart idayambitsa Sam's Club ku Oklahoma. Price Club ndi Costco zidaphatikizana mu 1993. Choncho kusakanikirana kwa ogula a bizinesi ndi a pakhomo si kwachilendo m'masitolowa. Ndi momwe malondawo adakulira.

Kuyambira pa 1 September 2024, umembala wamba wa Costco, wotchedwa Gold Star, uli pa $65 pachaka, kuchoka pa $60. Wa amalonda, wotchedwa Business, mtengo wake ndi womwewo. Wapamwamba, wotchedwa Executive, uli pa $130, ndipo umabwezera membala $2 pa $100 iliyonse yomwe wagulira katundu woyenerera, mpaka $1,250 pachaka. Sam's Club idakweza mitengo yake mu October 2022 kufika pa $50 ndi $110. Kwa munthu mmodzi ndalamazi n'zochepa, koma kwa masitolowa ndiye msana wa phindu: m'chaka chake cha zachuma cha 2024, Costco idatolera pafupifupi $4.8 biliyoni ya umembala, pomwe phindu lake lonse lidali pafupifupi $7.4 biliyoni.

Magawo atatu a lamulo

Msonkho wa boma lalikulu la America umatoleredwa ndi bungwe la Internal Revenue Service, lomwe anthu amangoti IRS, potsatira lamulo la Internal Revenue Code. Gawo 162 la lamuloli limalola munthu wa bizinesi kuchotsa ndalama zomwe wagwiritsa ntchito poyendetsa bizinesiyo, malinga zikhale zachizolowezi pa malonda amtundu wake komanso zofunikira. Bwalo lalikulu la Supreme Court lidatanthauzira mawu awiriwa mu 1933 pa mlandu wa Welch ndi Helvering, ndipo lidati chofunikira si chokhacho chomwe bizinesi ingafe popanda icho ayi, koma chilichonse choyenera ndi chothandiza pa bizinesiyo. Ndi muyeso umenewu, wophika zakudya za pamaphwando yemwe walipira $65 kuti azigula nkhuku ndi mbale zotaya pamtengo wotsika savutika kudzifotokoza.

Gawo 262 ndilo limatseka khomo linalo. Limati ndalama zogwiritsa ntchito pa moyo wa munthu mwini, pakhomo pake ndi pa banja lake sizichotsedwa. Chinthu chimodzi chikagwira ntchito ziwiri zonsezi, malangizo a IRS kwa amabizinesi ang'onoang'ono amati mtengo wake ugawidwe pawiri, ndipo gawo la bizinesi lokha ndilo lichotsedwe. Umu ndi momwe zimakhaliranso ndi galimoto, foni ya m'manja ndi intaneti ya pakhomo.

Pali gawo lachitatu lomwe limasokoneza anthu chifukwa cha liwu lakuti kalabu. Kuchokera mu 1994, gawo 274 limakaniza kotheratu kuchotsa ndalama za umembala wa makalabu, ngakhale munthu atamakumanirako ndi makasitomala ake sabata iliyonse. Popeza Sam's Club ndi BJ's Wholesale Club ali ndi liwuli m'maina awo, ena amaganiza kuti chiletsochi chikuwakhudza. Koma malamulo ang'onoang'ono otanthauzira gawoli amalongosola kuti kalabu yomwe ikunenedwa ndi ya cholinga chosangalatsa mamembala ndi alendo awo, monga makalabu a gofu, a masewero olimbitsa thupi, a m'mahotela ndi malo opumulira a makampani a ndege. Sitolo yogulitsa matewera ndi matayala a galimoto siili m'gulu limeneli, ndipo akatswiri owerengera ndalama amaitenga ndalama yake ya umembala ngati yogulira katundu basi.

Kagawidwe kake

Lamulo silipereka samu imodzi yogawira ndalama ya umembala. Limangofuna kuti njira yomwe munthu wasankha ikhale yomveka, yochokera pa umboni, ndipo asamaisinthesinthe chaka ndi chaka pofuna yomwe yamukomera. Njira yomwe ambiri amatsata ndi yowerengera ndalama zonse zomwe agulira katundu m'sitolomo chaka chimenecho.

Mwachitsanzo, mayi wina wophika zakudya za pamaukwati ali ndi khadi la Executive la $130. M'chaka chonse wagula katundu wa $9,000. Malisiti akusonyeza kuti $6,300 idapita ku nyama, mafuta, mbale ndi zina za bizinesi, pomwe $2,700 idapita ku zapakhomo. Gawo la bizinesi ndi 70 pa 100 iliyonse, choncho angachotse $91 pa $130 ija. Yotsalayo, $39, ndi ya m'thumba mwake. Munthu wochita bizinesi payekha amalemba ndalamayi pa fomu yotchedwa Schedule C, m'chigawo chachisanu momwe mumalembedwa zolipira zina ndi zina.

Apa mpofunika kumvetsa kuti $91 sibwerera m'thumba mwa mayiyu. Imangochepetsa phindu lomwe likudulidwa msonkho. Munthu wodzilemba yekha ntchito amalipira misonkho iwiri pa phindu lake: wa pa ndalama zomwe wapeza, komanso wa 15.3 peresenti wopita ku thumba la penshoni ya boma ndi la chithandizo cha kuchipatala cha okalamba, womwe umayamba phindu likafika $400. Ngati mayiyu ali m'gulu la olipira 12 peresenti, kuchotsa $91 kungamupulumutsire ndalama za pakati pa $20 ndi $25 pa msonkho wa boma lalikulu. Akadati achotse $130 yonse mosaloledwa, akadaonjezerapo pafupifupi $10 yokha. Ndi ndalama yosakwana kugulira nkhuku ziwiri zootcha ndi buledi m'sitolo momwemo, ndipo si yoyenera kuikira mbiri ya bizinesi pachiswe.

Ena amawerengera maulendo: mwa maulendo 40 opita kusitolo, angati adali a bizinesi? Njirayi ndi yofooka, chifukwa ulendo umodzi nthawi zambiri umanyamula katundu wa mbali zonse ziwiri, ndipo ulendo wogula $600 ya nyama sungafanane ndi wogula botolo limodzi la mankhwala otsukira mano.

Palinso mfundo ina yomwe imamveka pa khadi la Executive. Kusiyana kwa khadili ndi khadi wamba ndi $65, ndipo kuti $2 pa $100 iliyonse ibweze ndalama imeneyi, munthu ayenera kugula katundu wa $3,250 pachaka. Banja la m'chitsanzochi limagula wa $2,700 yokha, kutanthauza kuti pakadapanda bizinesi, kukweza khadi kukadakhala kutaya ndalama. Motero mayiyu angathe kunena kuti $65 yoonjezera ndi ya bizinesi yonse, n'kugawa $65 yoyambayo yokha. Mfundoyi ili ndi mutu, koma ili ndi mbali yofooka: katundu wa pakhomo naye amabweretsa ndalama yobwezedwa ija, choncho banja likudya nawo phindu la khadi lapamwambalo. Mfundo yotsutsana nayo imamvekanso, yakuti ngati banjalo lidali kale ndi khadi bizinesi isanayambe, ndiye kuti bizinesi siidawonjeze ndalama iliyonse. Aphungu a nyumba ya malamulo adatsata ganizo lotereli pa lamya ya m'nyumba: gawo 262 limanena kuti ndalama ya mwezi ndi mwezi ya lamya yoyamba ya pakhomo ndi ya banja, ngakhale itamagwiritsidwa ntchito pa malonda. Koma chiletso chimenecho adachilemba pa lamya yokha, ndipo pa khadi la sitolo lamulo lotsala ndi lija logawa.

Za nthawi yochotsera sizivuta. Munthu yemwe amalemba mabuku ake potsatira tsiku lomwe ndalama yalowa kapena kutuluka, akalipira umembala wa miyezi 12 mu November, amachotsa gawo lake lonse la bizinesi m'chaka chomwe walipiracho, ngakhale khadilo ligwire ntchito mpaka chaka chamawa.

Ndalama yobwezedwa yomwe ambiri amaiwala

Chomwe chimaiwalika kawirikawiri ndi $2 ija. Pa msonkho, ndalama yomwe sitolo yabwezera wogula siitengedwa ngati malipiro, koma ngati kutsitsa mtengo wa katundu yemwe adagulayo. Kwa banja nkhani imathera pomwepo, palibe msonkho. Kwa bizinesi zimasintha, chifukwa mwini wake adalemba kale mtengo wonse wa katunduyo ngati ndalama yotuluka.

M'chitsanzo chija, ngati katundu yense wa $9,000 adali woyenerera, sitolo ibweza $180. Mwa iyo, $126 yabwera chifukwa cha katundu wa bizinesi. Mayiyu akatenga $180 yonse n'kugulira zapakhomo, mabuku ake akusonyezabe kuti bizinesi idalipira $6,300, pomwe kwenikweni idalipira $6,174. Ayenera kuchepetsa ndalama zotuluka ndi $126. Choncho munthu yemwe wasamala kwambiri kugawa $130 ya umembala koma osalabadira zobwezedwazo walakwitsa ndi ndalama yoposa $91 yomwe amafuna kuchotsa ija.

Izi zikusonyeza komwe kuli ndalama zenizeni pa nkhaniyi. Umembala ndi kachinthu kakang'ono; katundu ndiye wamkulu. Fomu ya Schedule C ili ndi mzere wolembapo katundu wogulidwa kuti agulitsidwe, ndipo mzerewo umanena poyera kuti achotsepo mtengo wa zomwe mwini bizinesi watapamo n'kugwiritsa ntchito kunyumba. Katoni ya mafuta yomwe idagulidwira ukwati wa kasitomala koma n'kuthera m'khitchini ya pakhomo siyenera kukhala m'mabuku a bizinesi. Maboma ang'onoang'ono ambiri a m'dzikolo alinso ndi msonkho wawo wa pogula, ndipo membala wa Business yemwe wapereka chikalata chosonyeza kuti akukagulitsanso katunduyo salipira msonkhowu pa kauntala. Akadya yekha katundu wotereyu, msonkho womwe adaudumphawo umakhala ngongole yake ku boma la deralo.

Umembala wa Amazon Prime, womwe udakwera kufika pa $139 pachaka mu 2022, umatsata lamulo lomweli koma ndi wovutirapo kugawa. Kupatula kutumiziridwa katundu mwachangu, mumakhalanso mafilimu ndi nyimbo, zomwe ndi za banja ndipo sizioneka pa lisiti lililonse. Kuwerengera katundu wogulidwa yekha kungakokomeze gawo la bizinesi.

Si aliyense ali ndi mwayiwu

Zonsezi zikukhudza munthu yemwe ali ndi bizinesi yakeyake. Wolembedwa ntchito, yemwe amalandira fomu ya W-2 kumapeto kwa chaka, sachotsa kanthu pa msonkho wa boma lalikulu, ngakhale atagwiritsa ntchito khadi lake kugulira ofesi khofi ndi mapepala. Lamulo la Tax Cuts and Jobs Act la 2017 lidaimitsa mwayi umenewu kuyambira 2018 mpaka 2025, ndipo lamulo lina lomwe lidasainidwa mu July 2025 lidauthetseratu. Njira yotsala kwa wantchito ndi yopempha bwana wake kuti amubwezere ndalamayo. Kampani ikabweza itaona malisiti ndi chifukwa chomveka cha ntchito, wantchitoyo sadulidwa msonkho pa ndalamayo, ndipo kampaniyo ndiyo imaichotsa pa phindu lake.

Kwa mwini kampani yolembetsedwa payokha, kusakaniza kumakhala ndi zotsatira zina. Kampani ikamulipirira zapakhomo, gawo limenelo lingatengedwe ngati malipiro kapena phindu lomwe wagawiridwa. Costco imaperekanso khadi lachiwiri laulere kwa munthu wina wokhala nyumba imodzi ndi membala. Zomwe wagula mwamuna kapena mkazi wa mwini bizinesi pa khadi lachiwirilo ziyenera kulowa m'chiwerengero cha chaka, chifukwa ndalama ya umembala imodzimodziyo ndiyo yawalowetsa onse awiri.

Palinso anthu omwe amachita malonda mongosangalala, monga wophika makeke a kutchalitchi n'kumalandirako kangachepe mwa apo ndi apo. Gawo 183 limasiyanitsa bizinesi ndi ntchito yopanda cholinga cha phindu. Ntchito yomwe yapindula zaka zitatu mwa zisanu zotsatizana imatengedwa kuti ndi bizinesi pokhapokha IRS itasonyeza zosiyana. Ikaweruzidwa kuti ndi chisangalalo chabe, ndalama zolowa zimadulidwabe msonkho koma zoyendetsera, monga umembala, sizichotsedwa.

Umboni

IRS ili ndi zaka zitatu kuchokera tsiku lomwe fomu idaperekedwa zoti iunike ndi kufunsa mafunso, ndipo zimafika zisanu ndi chimodzi ngati munthu adabisa ndalama zolowa zoposa 25 peresenti ya zomwe adalemba. Akapezeka kuti adalemba mosasamala, amalipira msonkho wotsalawo, chiwongoladzanja, ndiponso chindapusa cha 20 peresenti ya ndalama yoperewerayo.

Chikalata cha kubanki chimangosonyeza kuti pa tsiku lakuti munthu adalipira $412 ku Costco. Sichinena ngati zidali nkhuku za kasitomala kapena njinga ya mwana. Lisiti lokha ndilo limatchula chinthu chilichonse, ndipo malisiti a m'masitolowa amafufutika pakatha miyezi, n'chifukwa chake ambiri amawajambula pa foni tsiku lomwelo kapena kuwakopera kuchokera pa akaunti yawo ya pa intaneti. Chizolowezi chosavuta ndi cholipira kawiri pa kauntala: katundu wa bizinesi payekha ndi khadi la kubanki la bizinesi, wa pakhomo payekhanso. Pakutha pa chaka, samu ya gawo la bizinesi imakhala itadzichita yokha. Ena amasankha kulipira umembala wachiwiri wa $65 wa bizinesi yokha, womwe umachotsedwa wonse. Imeneyi ndi njira yogula mtendere wa mumtima osati yosunga ndalama, pakuti msonkho womwe wapulumuka sufika pa $65 yomwe yatulukayo.

Amene alibe malisiti nthawi zina amadalira chigamulo cha mu 1930 pa mlandu wa George M. Cohan, katswiri wa zisudzo za ku Broadway, yemwe adawononga ndalama zambiri pa maulendo ndi kuchereza alendo koma osasunga mapepala. Woweruza Learned Hand adagamula kuti ngati zikuoneka kuti ndalama idatulukadi pa ntchito ya bizinesi, bwalo liyerekeze kuchuluka kwake m'malo mokana zonse, koma lingathe kupanikiza munthu yemwe kusowa kwa umboniko ndi vuto lodzipangira yekha. Mu 1962 aphungu adatseka mwayiwu pa za maulendo, mphatso ndi zisangalalo. Pa zolipira zina udakalipo, komabe mabwalo amafuna poyambira pomveka asanayerekeze. Munthu wongonena pakamwa kuti khadi lake limagwira ntchito ya bizinesi 80 peresenti, popanda pepala lililonse, angathe kutuluka chimanjamanja. Ndipo wounika mabuku akapeza matewera ndi zidole pakati pa katundu wa bizinesi, sayima pa $130 ya umembala. Amayamba kukayikira $6,300 yonse.

Ku Britain ndi ku Malawi

Costco ilinso ku Britain, komwe idatsekula sitolo yake yoyamba ku Thurrock mu 1993. Lamulo la kumeneko ndi lokhwimirapo, chifukwa limafuna kuti ndalama ikhale itagwiritsidwa ntchito kwathunthu ndiponso pa cholinga cha malonda chokha. Mlandu wodziwika ndi wa Mallalieu ndi Drummond wa mu 1983. Ann Mallalieu, loya woimirira anthu m'bwalo, adafuna kuchotsa mtengo wa zovala zakuda zomwe ntchito yake idamukakamiza kuvala. Oweruza a House of Lords adakana, ponena kuti zovalazo zidalinso kumuteteza ku chisanu ndi kumuveka ngati munthu wina aliyense, choncho cholinga chidali chapawiri. Komabe gawo 34 la lamulo la msonkho wa amalonda la 2005 limalola kuchotsa gawo la ndalama lomwe lingalozedwe bwinobwino kuti ndi la malonda okha, ndipo bungwe la HMRC limafuna umboni wa kagawidweko.

Masitolo a ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu salipiritsa anthu ndalama yolowera, koma funso la chinthu chogwira ntchito ziwiri lilipo pa mayunitsi a foni, mafuta a galimoto ndi magetsi a nyumba yomwe mbali ina ndi golosale. Lamulo la msonkho la dziko la Malawi, lomwe bungwe la Malawi Revenue Authority limagwiritsa ntchito, lili ndi mawu ofanana ndi a ku Britain ndipo limaonjezera lachitatu: ndalama yochotsedwa ikhale itagwiritsidwa ntchito kwathunthu, pa malonda okha, komanso mofunikira, pomwe zolipira za pakhomo ndi za munthu mwini sizichotsedwa.